Mlimi ndi mafuta onunkhira

Nkhani yanga lero ndi ya mafuta onunkhira, aja timati perefyumu. Ndikuona ena mukuseka kuti mlimi wa mbatatesi ndi perefyumu zikukumana pati. Dikirani ndifotokoze.

Ife alimi ndalama zambiri timazitaya tsiku logulitsa. Munthu wakwera galimoto ku Ulongwe m'bandakucha ndi matumba ake, pofika ku Tete dzuwa lakwiya, pajatu mwezi wa Okutobala kumeneko kutentha kumapyola madigiri 40. Malaya anyowa ndi thukuta. Akaima pamaso pa wogula wovala bwino amadzimva kuti akununkha, amaima chapatali, mawu amatsika. Wogula akatchula mtengo wochepa, iye amangoti “chabwino bwana” kuti achokepo msanga. Manyazi a ola limodzi adya thukuta la chaka chonse.

Tsono fungo si nkhani yaing'ono ayi. Zimene mphuno yamva zimafika msanga ku mbali ya ubongo imene imasunga zokumbukira ndi mmene munthu akumvera mumtima. N'chifukwa chake fungo la mvula yoyamba limatisangalatsa tisanagwire n'khasu lomwe. Mu 2020, matenda a Covid-19 atabwera, ambiri odwala adasiya kumva fungo, chakudya chidasiya kukoma, ena mpaka kukhumudwa. Ine ndikasamba bwino n'kudzola pang'ono, ndimalowa mu ofesi mutu uli m'mwamba, ndipo zimene ndabwerera ndimazinena momveka.

Koma pali malamulo ake, abale anga. Thukuta palokha silinunkha, chimanunkhitsa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pakhungu, makamaka m'khwapa. Choyamba ndi sopo, madzi ndi malaya ochapa. Perefyumu wothira pa thukuta ladzulo amangowonjezera vuto. Chachiwiri, madontho awiri akwana, pakhosi ndi padzanja. Mukathira wambiri mumazunza anzanu m'galimoto, wina mutu umamupweteka, wa mphumu amabanika. Mayi woyamwitsa asathire pachifuwa.

Perefyumu wambiri amakhala ndi sipiriti mkati, ndiye amauluka msanga pakatentha komanso amayaka. Botolo lizikhala pamthunzi, kutali ndi moto ndi ana. Inu oweta njuchi musadzole popita kuming'oma. Inu amene mwachoka kopopera mankhwala mu fodya kapena mu tomato, musaganize kuti fungo likabisika poizoni watha. Vulani zovalazo, sambani ndi sopo thupi lonse.

Za ndalama ndinenenso. Achinyamata, meticais ya feteleza isathere ku kabotolo. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi ndipo ankaoneka aulemu pabwalo la milandu. Masamba a mandimu m'madzi osamba amanunkhira bwino ndipo sagula. Mbewu zikagulitsidwa, pamenepo gulani kabotolo kamodzi ka paulendo, muguleko ndi ka amayi akunyumba, nawonso amaima pamsika tsiku lonse.

Pomaliza, perefyumu sasintha sikelo. Amangokuthandiza kuyandikira wogula n'kumuyang'ana m'maso. Musananyamuke funsani anzanu mtengo wa sabata imeneyo, yezani thumba lanu kunyumba, ndipo mukafika uko tchulani mtengo wanu mosachita chibwibwi. Amene ali ndi mafunso, tikambirane tikatha pano.