Ngaka Si Malonda

Lero ndabwera ndi nkhani ya ngaka, kanyama ka mamba kaja kamene kamadzipinda ngati nkhata kakaona munthu.

Mwina munamvapo anthu akunong'oneza kuti mukatola ngaka n'kuwoloka nayo Ruo, mwalemera. Abale anga, limenelo ndi bodza lotengera munthu kundende. Mu 2016 mayiko a dziko lapansi, pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg, anagwirizana zoletsa malonda a ngaka pakati pa mayiko. Ku Malawi, lamulo la 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30. Kuno ku Mozambique nakonso ndi mlandu waukulu. Womangidwa nthawi zambiri ndi mlimi wonyamula thumba, wotuma uja ali phee kutauni.

Nanga mamba akewo ndi mankhwala? Ayi. Anapangidwa mofanana ndi zikhadabo zathuzi. Phindu la ngaka lili m'tchire: imadya chiswe ndi nyerere, ndipo imabereka mwana mmodzi yekha pa nthawi. Mukachotsa yaikazi, mwapha mbumba.

Ngaka zolandidwa kwa ozembetsa zimasamalidwa ku paki ya Gorongosa ku Sofala, komanso ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust ku Malawi, kenako n'kubwezedwa kutchire. Koma zambiri zimafika zitafooka ndi njala, chifukwa ngaka sidya chakudya cha pakhomo.

Tsono mukakumana nayo kumunda, isiyeni ipite. Wina akakutsatsani, dziwitsani a Mfumu kapena apolisi. Kakambiraneni m'magulu mwanu sabata ino.