Za Kuundana kwa Mwazi: Nchito ya Mai Pretorius ku Pretoria

Usiku uno tikambe za mwazi.

Munthu akadzitema ndi khasu, mwazi uturuka kanthawi, kenaka uleka wokha. Couleketsa nciani? M'madzi a mwazi muli cinthu cosungunuka cimene asing'anga acicha fibrinogen. Pacironda cinthu cimeneci cisanduka timaulusi, dzina lace fibrin, tolukana ngati ukonde wa asodzi a usipa, ndipo ukondewo ukola mbali zofiira za mwazi nutseka pobookapo. Cironda cikapola, thupi limasula ukondewo lokha. Koma mwazi ukaundana m'kati mwa mtsempha wosabooka, pamenepo pali tsoka: mbulu wace ukafika ku bongo munthu afa ziwalo, ukafika ku mapapo akhoza kumwalira tsiku lomwelo.

Mai wina wophunzira kwambiri, Profesa Etheresia Pretorius, anagwira nchito zaka zambiri pa Yunivesite ya Pretoria akuyang'ana ukonde umenewu ndi makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Anaona kuti mwa munthu wamoyo wabwino maulusi aja ali otalika ndi olekana bwino, koma mwa odwala nthenda ya shuga, kapena amene anafa ziwalo, ali omatana ngati thonje lobvumbwa. Anaonanso kuti citsulo cikacuruka m'mwazi ciononga ukondewo momwemo.

Codabwitsa coposa cinadza m'caka ca 2016. Pamodzi ndi Profesa Douglas Kell, amene panthawiyo anali ku Manchester, anatenga kacidutswa ka khungu la tizirombo ta matenda nakathira m'mwazi wabwino, kamodzi kokha pa tizigawo 100,000,000 ta fibrinogen. Taganizani nyemba imodzi m'nkhokwe zambiri za cimanga! Koma kameneko kanakwanira kupotoza maundanidwe a mwaziwo, ndipo fibrin anatenga maonekedwe ochedwa amyloid, ofanana ndi zimene zipezeka m'bongo wa okalamba odwala nthenda ya Alzheimer. Mibulu yotere thupi libvutika kuimasula.

Pambuyo pace maiyu anasamukira ku Yunivesite ya Stellenbosch, ndipo mliri wa Covid-19 unampeza komweko. Anthu ambiri anacira nthendayo koma anatsala otopa miyezi ndi miyezi, mpweya wobanika, maganizo osakhazikika. Ena anawanena kuti ali ndi ulesi cabe. M'caka ca 2021 iye ndi anzace analengeza kuti m'mwazi wa anthu otere anapezamo timibulu tosafuna kusungunuka, ndipo anaganiza kuti timeneti titseka timitsempha tating'ono ndi kumana minofu mpweya. Mbiriyo inawanda dziko lonse, ndipo odwala amene anasowa wowakhulupirira anatonthozedwa.

Tsono pano tiyende pang'onopang'ono. Kupeza cinthu m'mwazi wa wodwala sikutanthauza kuti cinthuco ndico gwero la nthenda yace, ndipo akatswiri ena anatsutsa ganizolo poyera. Odwala ena sanadikire: anataya ndarama zambiri kupita ku Germany ndi ku Cyprus kukasefetsa mwazi wao pa makina. M'caka ca 2023 bungwe la Cochrane, lopenda nchito za asing'anga, linafufuza nkhaniyi ndipo silinapeze umboni wokwanira wakuti kusefa kotere kuciritsa. Ine ndiyesa kuti maiyu anacita bwino kufunsa funsolo, koma amene anathamangira kugulitsa ciritso anatsogola umboni. Mankhwala oletsa kuundana kwa mwazi nawonso si osewera nao. Munthu womwa popanda sing'anga akhoza kukha mwazi m'mimba kapena m'bongo osaleka.

Mau amodzi kwa inu amene mukwera basi kucokera ku Blantyre, kudzera ku Tete ndi Harare, kunka ku Johannesburg. Kukhala pampando usana ndi usiku kucedwetsa mwazi m'miyendo, ndipo mwazi wocedwa uundana msanga. Basi ikaima tsikani muyendeyende, ndipo imwani madzi. Mukafika, ngati mwendo umodzi watupa, uli wotentha ndi wopweteka kukatumba, musausisite. Pitani ku cipatala tsiku lomwelo, makamaka amai apakati ndi amene angobereka kumene.