Tisanaone Kanema Tinali ndi Makutu

 Ena mwachokera ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ena mwangosiya khasu kudimba. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma lero ng'ona zonse zabwerera ku Shire.

A komiti anandipempha kuti ndikambe za wailesi ya kanema ndi zosangalatsa za pa ubwana wathu. Nditawerenga kalata yawoyo ndinaseka ndekha. Kanema wake uti? Ife amene tinayamba Sitandade 1 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 tinakulira m'dziko lopanda wailesi ya kanema. Anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali nayo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, koma kuno boma la Dr. Kamuzu Banda silinaifune. Television Malawi idatsegulidwa mu 1999, ena a ife tili ndi ndevu, ena tili ndi ana kumsana. Ngakhale magetsi a pa Kapichira pano adayamba kupangidwa mu 2000. Pa nthawi yathu mathithi aja ankangolindima okha usiku, ife tikuwerenga ndi koloboyi.

Tsono kanema wathu anali wailesi. Chaka china thonje litabereka bwino, abambo anga anakagulitsa ku msika wa ADMARC ndipo anabwerako ndi wailesi ya Nzeru, ija inkapangidwa ku Blantyre. Inali yokhayo m'mudzi mwathu. Amayi anaisokera kansalu kotchinga fumbi, ndipo mwana sankaloledwa kuikhudza. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe. Dzuwa la Chikwawa mukulidziwa. Tinkakhulupirira kuti mabatire athu amalimba kuposa a anthu a kumapiri.

Madzulo abambo ankaitulutsa wailesiyo pakhonde, ndipo anthu ankabwera okha ndi mphasa zawo. Nyumba youlutsa mawu inali imodzi, MBC, choncho chimene tinkamva ife kuno ankamvanso mwana wa ku Karonga nthawi yomweyo. Ndani pano waiwala Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe, kapena Pamajiga, kapena Sewero la Sabata Ino? Anthu a m'masewerowo sitinawaonepo nkhope, komabe aliyense ankadziwa maonekedwe awo. Kusukulu tinkakangana zedi, wina ati munthu uja ndi wamfupi wamimba, wina ati ayi, ndi wamtali wadazi. Aliyense anali ndi kanema wake m'mutu. Izeki ndi Jakobo atatchuka, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, panalibe kalasi imene inalibe Izeki wake.

Nyimbo nazo zinali zathu. Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Kunali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald a ku Chileka, Robert Fumulani, Stonard Lungu, ndipo pambuyo pake Paul Banda ndi Alleluya Band a ku Balaka. Poti zida za ena mwa oimbawa zinali zopanga okha, nafenso tinkati tingathe. Chitini cha mafuta, kathabwa, ndi timawaya ta mabuleki a njinga, basi banjo yatheka. A Wapampando anali katswiri wa zimenezi, ngakhale lero avala tayi.

Nanga mpira? Bullets ikamakumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, mudzi unkagawika pawiri. Muulutsi akakweza mawu, agogo amene sanaonepo bwalolo ankadzuka pamphasa n'kuponya mwendo. Tinkamva za Kinnah Phiri ndi anzake amene adatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Pomenya mpira wathu wachikulunga aliyense ankalimbirana kukhala Kinnah, Lawrence Waya kapena Ernest Mtawali.

Mpira womwewo ndi umene udandiphunzitsa chimene wailesi inali. Ndili Sitandade 6, Loweruka lina abambo atapita ku Dyeratu, ndinaiba wailesi ija n'kupita nayo pansi pa mtengo wa msawu ndi anzanga anayi. Awiri mwa iwo ndikuwaona muno, koma sindiwatchula. Tinamvera mpira wonse, kenaka nyimbo, mpaka mawu anayamba kuzilala. Ndinaibweza mwakachetechete. Usiku umenewo wailesi inakana kuyankhula, ndipo mawa lake kunachita mitambo, mabatire osayanikika. Masiku awiri amenewo mudzi wonse sunamve mauthenga achisoni.

Lachiwiri kunabwera bambo wina wa mudzi wa kutsidya kudzapepesa maliro. Amayi anadabwa, nafunsa kuti maliro ake ati. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu, anali atamwalira. Uthenga unaulutsidwa Loweruka usiku ndiponso Lamulungu. Pamene ife tinkamva n'kuti ataikidwa kale. Ndinaulula ndekha, ndikuyembekeza mkwapulo. Abambo sanandimenye. Amayi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, wailesi ija si choseweretsa chako. Ndi khutu la mudzi wonse." Mawu amenewo ndakalamba nawo.

Zithunzi zoyenda tinkazionako mwa apo ndi apo. Nthawi zina kunkabwera galimoto ya boma ya zofalitsa nkhani, n'kupachika chinsalu choyera pa bwalo la sukulu. Ankationetsa maulendo a Kamuzu ndi kalimidwe kamakono, ife maso tong'o, ena kuzungulira kuseri kwa chinsalu kukafuna anthu aja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera mavidiyo a m'tinyumba ta pa malo a malonda. Tinkalipira matambala athu n'kukhala m'kachipinda kotentha ngati uvuni, jenereta ikulira panja. Kumeneko ndiko tidadziwana ndi Bruce Lee, Chuck Norris, Rambo ndi Commando. Chingerezi chawo sitinkachimva, koma sipankalephera kukhala mnyamata mmodzi amene anaonera filimuyo kasanu, womasulira zonse mmene iye ankafunira. Lolemba likafika, bwalo la sukulu linkadzaza ndi akatswiri a kareti, ndipo aphunzitsi ankakhalira kuweruza milandu ya mano oguluka.

Anzanga, pokumbukira zokomazi tisanamizane. Wailesi imodzi ija inali ndi mwini wake. Nkhani iliyonse inkayamba ndi Ngwazi. Bungwe loona za mafilimu ndi mabuku linkaletsa zambiri. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa alongo athu kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Kuyambira mu 1968 wailesi inkayankhula Chichewa ndi Chingerezi basi, motero anzathu olankhula Chisena sankamva nkhani m'chinenero cha makolo awo mpaka ulamuliro utasintha mu 1994. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa pa 8 Malichi 1992, ambiri a ife tinkatsitsa mawu a wailesi ndi kusaka BBC usiku, zitseko zili zotseka. Sindikulakalaka masiku amenewo abwerere. Ana athu ali ndi mawailesi ambirimbiri ndiponso ufulu wosankha, ndipo nzabwino.

Koma pali chinthu chimodzi chimene tidataya m'njira, ndipo ndidachizindikira chifukwa cha Kapichira yemweyu. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la pano. Dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudapitirira mpaka mu 2023. Usiku wina kwathu ku Blantyre magetsi atazima, kanema atafa, mafoni atatha moto, ndinatulutsa mphasa panja n'kuitana adzukulu anga atatu. Ndinayamba monga ankayambira agogo anga: "Padangokhala." Kunali zii. Ndinabwereza. Wamng'ono anafunsa kuti, "Agogo, padakhala chiyani?" Panalibe mmodzi yemwe wodziwa kuti nthano ikayamba omvera amavomera kuti tili tonse.

Mlandu si wa anawo, si wa kanema, si wa foni. Ndi wanga. Ndidawagulira zoonera, koma sindidakhale nawo pansi. M'nyumba mwanga muli zowulutsa mawu zoposa zimene zinali m'mudzi mwathu monse, koma aliyense amamvera yekha, atatseka makutu ndi timawaya. Ife tinali ndi wailesi imodzi yofooka mabatire, koma sewero likatha akulu ankalikambirana, ana tikumvetsera, ndipo wailesi ikazimitsidwa agogo ankapitiriza ndi nthano ndi zilapi. Chimene chidatilera si bokosi lija ayi, koma mphasa imene tinkakhalapo pamodzi.

Ndiye ndabwera ndi pempho kwa bungwe lathu. Chaka ndi chaka timasonkha za simenti ndi malata, ndipo tisaleke. Koma ndikupempha zinthu zitatu zosafuna ndalama zambiri. Choyamba, tidzutse kalabu ya zisudzo ya pa sukulu ino, ndipo tizipereka mphoto kwa ana olemba sewero labwino m'Chichewa, m'Chimang'anja kapena m'Chisena. Chachiwiri, tigule kachipangizo kojambulira mawu kuti anawo azipita kwa okalamba a m'midzi yozungulira kukajambula nthano, nyimbo za pamtondo ndi kaimbidwe ka valimba. Namoko adatisiya mu 1995, Daniel Kachamba mu 1987, koma mawu awo tikuwamvabe chifukwa alipo adawajambula. Agogo a m'mudzi mwathu palibe adawajambula, ndipo nthano zawo zambiri adapita nazo kumanda. Chachitatu, teremu iliyonse mmodzi wa ife azibwera kudzakhala ndi ana masana amodzi pansi pa mtengo uja, osati kudzawalangiza za mayeso, koma kudzacheza nawo. Teremu yoyamba ndilembeni ine.

A Msungichuma ali ndi kope pakhomo paja. Mutu umodzi susenza denga, choncho amene muli ndi kangachepe lembetsani musanapite ku nsima. Ndipo anzanga awiri aja a pansi pa msawu, inu muyambe, poti ngongole ya mabatire simunabweze mpaka lero.

Adzukulu anga aja tsopano amavomera nthano. Wamng'onoyo amachita kundikumbutsa ngakhale magetsi ali oyaka. Ndiye ndiyese kuno, ndione ngati sukulu ino idaphunzitsa bwino. Padangokhala!

Ndamva.