Mafunso Atatu a Ana a Sukulu Onena za Roketi

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kumidzi

Mphunzitsi wa kumudzi sasowa mafunso obvuta. Madzulo ana amaona kanthu kowala konga nyenyezi kalikudutsa pa thambo, ndipo m'mawa amafika nayo nkhaniyo ku sukulu. Mphunzitsi akati, "Khalani cete, zimenezo siziri m'buku," anawo aleka kufunsa, ndipo mwana wosafunsa saphunzira kanthu. Cifukwa cace nkoyenera kuti mphunzitsi asunge mayankho a mafunso atatu amene amabwera kawirikawiri.

Funso loyamba ndi ili: kodi roketi imayenda bwanji kumene kulibe mpweya? Ndege imadalira mpweya kuti mapiko ace ainyamule, koma roketi siitero. Munthu akadumpha m'bwato kunka pamtunda, bwatolo limabwerera m'mbuyo. Isaac Newton analongosola lamulo limeneli m'buku lace la 1687, kuti cinthu cikakankha cinzace, cinzaceco cimabwezera ndi mphamvu yofanana. Roketi imatentha mafuta ndi kutulutsa utsi wamoto kunsi kwace mwaukali, ndipo utsiwo ndiwo umaikankhira m'mwamba. Mphunzitsi auzire baluni ndi kuimasula pamaso pa ana, iwo adzaona okha. Koma moto umafuna mpweya, pakuti nyali ikabvundikiridwa ndi mtsuko imazima. Motero roketi imasenza mpweya wace wa okosijeni, woziziritsidwa kufikira utasanduka madzi. Cigawo coyamba ca roketi ya Saturn V cinkatentha palafini woyengedwa bwino, mbale wace wa palafini wa m'nyali.

Funso laciwiri: nanga setilaiti ilekeranji kugwa? Mwala woponyedwa mwamphamvu umagwera kutali, ndipo mphamvu ikaonjezeka umagwera kutali koposa. Tsono dziko lapansi ndi lobulungira. Cinthu cikakwezedwa pamwamba pa mpweya ndi kuthamanga makilomita 28,000 pa ola limodzi, cimagwa ndithu, koma pamene cirikugwa nthaka nayo irikupindika pansi pace, kotero kuti sicifika pansi, cimangozungulira. Ndimo inayendera Sputnik 1 ya Soviet Union, yolemera makilogalamu 84, imene inaponyedwa pa 4 October 1957, ndipo inkazungulira dziko m'mphindi 96. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko, pa ulendo wa mphindi 108. Kanthu kamene ana amaona madzulo kaja kalibe moto wace. Kamawala cifukwa kumwambako dzuwa likali kukaomba, ngakhale pansi pano kwada.

Funso lacitatu: cifukwa ninji roketi ndi yaikuru cotere, pamene anthu okweramo ndi owerengeka? Saturn V inali yotalika mamita 110, ndipo kulemera kwace kwakukuru kunali kwa mafuta ndi okosijeni. Inamangidwa m'zigawo zitatu. Cigawo cikatha mafuta cinkatayidwa, monga wapaulendo amataya mphonda yosweka kuti apepukidwe. Umo ndi m'mene Neil Armstrong ndi Edwin Aldrin anafikira pa mwezi pa 20 July 1969, mtunda wa makilomita 384,000, mnzao Michael Collins alikuwadikira m'combo cozungulira mweziwo. Pa roketi yonse ija, kacipinda kakang'ono kokha ndiko kanabwerera, nikagwera m'nyanja ya Pacific pa 24 July.

Ana a Zambia ayenera kumvanso za Edward Mukuka Nkoloso, amene kale anali mphunzitsi wa sayansi. M'caka ca 1964 iye analengeza kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars, nayamba kuphunzitsa acinyamata powagubuduza m'migolo pa citunda pafupi ndi Lusaka. Ndalama zimene anapempha sizinabwere, ndipo ambiri anamseka. Zoona, mgolo sungafikitse munthu ku mwezi. Cofunika ndi masamu, sayansi ndi cuma cambiri. Cuma sicili m'manja mwa mphunzitsi, koma masamu ndi sayansi zimayambira m'kalasi mwace, pa bolodi ndi coko. Mwana akadzafunsanso za nyenyezi yoyenda, mphunzitsi atenge baluni, mwala ndi nyali, namuyankhe.