Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Wailesi: Zimene Achita Atsikana a ku Rwanda



Bwanamkubwa wa boma lino, Gogo Chalo, Mfumu Yaikulu ya dera lino, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zonse zimene zakuperekezani, olemekezeka aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, wapampando wa khonsolo ndi makhansala onse, akuluakulu a zamaphunziro, a zaumoyo ndi a zachitukuko cha m'midzi, abusa, ansembe ndi mashehe, akuluakulu a nyumba zoulutsira mawu ndi atolankhani nonse, aphunzitsi athu, apolisi amene mukutilondera padzuwa, amayi a mother group amene mwatchena chitenje chimodzi apo, anyamata a kabaza amene mwaimika njinga kumbuyoko kuti mumve nawo, komanso inu ana anga, atsikana, eni ake a tsikuli. Amene sindinakutchuleni, ulemu wanu ndi womwewo. Ndakuonani nonse.

Lero ndi pa 13 February, tsiku limene bungwe la UNESCO linapatula kuti dziko lonse lizikumbukira wailesi. Andipatsa mphindi khumi. Ndizigwiritsa ntchito pokamba za dziko limodzi, dziko la mapiri la Rwanda, chifukwa palibe anthu amene amadziwa mphamvu ya wailesi kuposa anthu a kumeneko.

Mu 1993 ku Kigali kunatsegulidwa wailesi yotchedwa RTLM. Inali yokoma kumvera: nyimbo zamakono, nthabwala, oulutsa olankhula ngati anzako a pabawo. Achinyamata anaikonda. Koma pakati pa nyimbo ndi nthabwalazo inkaphunzitsa anthu kuti a Tutsi ndi mphemvu. Kuphedwa kwa a Tutsi kutayamba pa 7 April 1994, wailesiyi inkatchula mayina a anthu ndi malo amene abisala. M'masiku pafupifupi 100, anthu oposa 800,000 anaphedwa. Mu 2003 khoti la United Nations ku Arusha linapeza olakwa ena mwa akuluakulu a wailesiyo, mmodzi wa iwo Ferdinand Nahimana. Ndipo amayi, musandidabwe ndikanena ichi: mmodzi mwa oulutsa mawu oopsa a wailesiyo anali mzimayi, Valérie Bemeriki, amene mu 2009 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Kungoika mzimayi pamaikolofoni sikukwanira ayi. Nkhani ndi yakuti akulankhulira ndani, nanga akunena zoona kodi.

Dziko lina likadaiopa wailesi mpaka kalekale. A ku Rwanda anaitenganso nkuyamba kumangira dziko. Sewero la pawailesi la Urunana linayamba mu 1999 kukamba za umoyo wa m'banja. La Musekeweya linabwera mu 2004 kukamba za kukhululukirana pakati pa midzi yodana. Kenako mu 2011 kunabadwa chimene ndabwerera pano: Ni Nyampinga, magazini ndi pologalamu ya pawailesi m'chilankhulo cha Kinyarwanda, yoyambitsidwa ndi bungwe limene lero likutchedwa Girl Effect. Atolankhani ake ndi atsikana. Wofunsa mafunso ndi mtsikana, woyankha ndi mtsikana, wosankha nkhani ndi mtsikana.

Ndiime pamenepa pang'ono, chifukwa mutu wa nkhani yanga uli apa. Bambo wovala tayi akafika pamudzi ndi chojambulira mawu nkumufunsa mwana wa zaka 15 chifukwa chimene amajombera kusukulu masiku ena mwezi uliwonse, mwanayo ayang'ana pansi, azikanda dothi ndi chala cha kuphazi, nkuyankha kuti, "Palibe." Nonse mukudziwa. Koma afike mkulu wake wa zaka 20, akhale naye pamphasa, amuuze kuti naye anadutsa momwemo, mwana uja amasuka. Anena kuti alibe zovalira akakhala kumwezi. Anena za mwamuna amene amamudikira panjira ndi ndalama ya sopo. Anenanso kuti amafuna kukhala makaniko koma akuopa kusekedwa. Atsikana a ku Rwanda aja amakwera mapiri kukafuna mawu oterewa. Amafunanso atsikana amene achita bwino, wina woweta, wina wosoka, wina wobwerera kusukulu atabereka, kuti mnzawo womvera ali kukhitchini adziwe kuti zimatheka. Mafunso ovuta kufunsa mayi ako, a thupi ndi a chibwenzi, amapita kwa azakhali a pologalamuyo otchedwa Shangazi, ndipo amayankhidwa poyera, mwaulemu, dziko lonse likumva, abambo ndi alongo omwe.

Zimenezi sizinagwe kuchokera kumwamba. Malamulo aakulu a Rwanda a mu 2003 analamula kuti amayi asachepere 30 pa 100 aliwonse m'maudindo opanga ziganizo. Mu 2008 Rwanda inakhala dziko loyamba padziko lonse kukhala ndi amayi ambiri kuposa abambo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo lero apitirira 60 pa 100. Olemekezeka aphungu, ndikuona mukumwetulira. Ife kuno sitinafike ngakhale mmodzi pa anayi. Mu 2019 boma lawo linachotsa msonkho wa VAT pa mapadi. Sindikunena kuti mavuto anatha. Mimba za atsikana achichepere zikadali nkhani yaikulu kumeneko.

Ena mwa inu mukukumbukira Zathu pa Wailesi, imene inayamba kuno mu 2017, ndi Gogo uja woyankha mafunso a achinyamata. Oiyambitsa ndi omwewo a Girl Effect. Choncho njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Tinalawako.

Tsopano akuluakulu a mawailesi, mundilole ndikutsineni khutu pang'ono, mwachikondi. Mtsikana akabwera kudzaphunzira ntchito, musamusiye pa pologalamu ya moni ndi kuphika tiyi. Mpatseni chojambulira, mpatseni ndalama yoyendera, apite kumudzi. Akabwera ndi nkhani, iulutseni nthawi imene anthu ali pakhomo, osati pakati pa usiku. Ndipo ntchito asaigule ndi thupi lake. Amene amachita zimenezo m'manyumba mwanu muwachotse. Makolo, mwana akati akufuna utolankhani, musamuyankhe kuti ndi ntchito ya oyendayenda. Gogo Chalo, mtsikana akafika pabwalo lanu ndi funso lolimba, mumuyankhe monga mumayankhira Bwanamkubwa.

Inu ana anga, ntchitoyi ndi yolemera. Mnzanu akakuuzani zowawa, pemphani chilolezo chake musanajambule. Wogwiriridwa musamutchule dzina, mudzi kapena sukulu. Ndipo musangotenga nkhani yake nkuchoka, muonetseni njira ya kuchipatala ndi kupolisi. Mphekesera musaulutse musanafufuze. Kumbukirani chimene bodza la pawailesi linachita ku Kigali.

Pempho langa ndi limodzi. Wailesi iliyonse imene yaimiridwa pano ipereke theka la ola sabata iliyonse kwa atsikana, akonze okha, aulutse okha. Bwanamkubwa, chonde lembani mayina a mawailesi amene avomera tisanabalalike, kuti chaka chamawa tidzawafunse.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa. Mulungu akudalitseni nonse.