Kodi Mtengo wa Mkungudza Ndi Ndalama Zingati?



M'chinenero chathu mawu oti "mtengo" amatanthauza zinthu ziwiri: chomera cha m'nkhalango ndiponso ndalama zogulira chinthu. Ndikuona ngati ife a Malawi tatsala ndi tanthauzo lachiwiri lokha.

Taganizani za mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nkhalango ya phirili idakhala yotetezedwa m'chaka cha 1927, ndipo mu 1984 boma lidalengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu. Koma poti matabwa ake amanunkhira ndipo chiswe sichiwadya, anthu adaucheka usana ndi usiku, moto wolusa nkumapsereza mbande zake. Mu 2017 ofufuza adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Tikamadandaula timati madzi a mu Likhubula ndi Ruo achepa, alendo odzaona malo asiya kubwera. Nkhawa zimenezi nzomveka, koma zonse zikunena za phindu lathu. Nanga wina atabwera ndi ndalama zoposa zimene alendo amasiya, tidzamukaniza ndi chifukwa chanji? Ngati mtengo uli ndi moyo chifukwa cha phindu lokha, wolipira zambiri adzaugwetsa.

Ine ndikuti mkungudza uli ndi ulemu wakewake. Tidaupeza, sitidaulenge, ndipo ukatha palibe fakitale imene ingaubweze. Makolo athu nzeru imeneyi adali nayo. Ngakhale nkhuni zisowe chotani, mitengo ya kumanda sankaidula wamba, ndipo Sapitwa ankamuopa ngati malo a mizimu. Mu 2025 UNESCO idaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse.

Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kuteteza zachilengedwe ndi kuganizira mibadwo ya m'tsogolo. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu ozungulira phirili, labzala mbande zambirimbiri zimene obzalawo mwina sadzaziona zitakula.

Tisathamangire kuloza chala mnyamata wosenza thabwa kutsika nalo phiri. Iye akufuna ya ufa. Wogula ndi ife a m'tauni. Musanagule chitseko kapena bokosi lonunkhira, yambani mwafunsa kumene thabwa lake lachokera.