Mawu a Mlembi wa Mvano: Za Ana Athu Oyembekezera Amene Ali ndi Kachirombo

Pa tsiku lino lokumbukira chiyambi cha Mvano pa mpingo pathu pano, ndapemphedwa kunenapo za ana athu aakazi amene ali ndi pakati, komanso ali ndi kachirombo ka HIV.

Achikulirefe tikumbuka kuti Edzi inapezeka koyamba m'Malawi muno mu 1985, ndipo tinaika m'manda makanda ambiri asanayambe n'kukwawa komwe. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mu 2011 dziko lathu ndilo linayamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo, ayambe mankhwala pomwepo, ndipo azimwa moyo wake wonse. Maiko ena anaonera kwa ife. Popanda mankhwala, mwa ana 100 obadwa kwa amayi otere, 15 kufikira 45 amatenga kachirombo. Mayi akamamwa mokhulupirika, sakwana ndi 5 omwe.

Mankhwalawo alipo ku Gulupu, ku Limbe, ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa. Nanga chovuta n'chiyani? Amayi, chovuta chili kunyumba. Mkazi ndiye amayamba kuyezedwa magazi, popeza ndiye amapita ku sikelo. Bambo amati kumeneko n'kwa akazi. Tsono akabwera nawo uthengawo, amamuloza chala kuti ndiye wadzetsa matenda m'nyumba, ena mpaka kumulongedzetsa katundu, mimba ili apo. Poopa zimenezi ambiri amangokhala duu. Botolo amalibisa m'thumba la ufa, ndipo tsiku limene bambo aswera pakhomo, mankhwala samwedwa. Wina wa ku Chilomoni amakwera minibasi ziwiri kukalandirira ku Limbe kuti anansi asamuone. Ndalama ikasowa, mwezi umenewo wadumpha. Kodi anansi akuwaopawo ndani? Ena a iwo tili muno, tavala zoyera. Nkhani yomva pa zinthu zopempherera isamafike pa mpopi.

Mwana akabadwa ntchito siinathe ayi. Khanda limamwa mankhwala amadzi a nevirapine masabata 6, ndipo liyenera kuyezedwa pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Miyezi 6 yoyamba liyamwe bere lokha, osapatsidwa phala, madzi kapena mankhwala achikuda, chifukwa kusakaniza kotere kumatsegulira kachirombo njira m'matumbo a mwana. Apa ndikunena ndi ife agogo. Mwana akalira timathamangira kuphika phala, ndipo mpongozi wathu sangatikanize, poti akakana tidzamufunsa chifukwa chake.

Za aneneri ouza anthu kutaya mankhwala atawapempherera sinditalikitsa. Pemphero timalidziwa ife a Mvano, ndipo silinadanepo ndi chipatala.

Pempho langa kwa amayi a pampando ndi ili: pa msonkhano wathu ukudzawu tikambirane zopatula kangachepe m'thumba lathu ka minibasi ya ku sikelo, koperekedwa kwa mayi aliyense wosowa popanda kumufunsa matenda ake. Alangizi athunso, polangiza mayi wa mimba yoyamba, aziitana ndi bambo yemwe, kuti akayezetse onse awiri tsiku limodzi.